Ndinamwera Mabuku a Mwana Wanga

Abale ndi alongo, zikomo pondipatsa mpata. Mundikhululukire ndikagwira benchili. Zaka khumi ndi zinayi ndinkaima kutsogolo kwa ana tsiku ndi tsiku osachita mantha, koma kuima pamaso panu lero ndi nkhani ina.

Dzina langa ndine Eneless Banda, amake Takondwa. Kwathu ndi ku Vubwi. Ena a inu mumandidziwa ngati mayi uja ankagona pakhonde la chigayo kuseri kwa msika kuno ku Katete, dzuwa lili pamutu, nsapato imodzi ili uko. Ndaona ena mwaweramitsa mitu. Musavutike, ndinali ine ndithu. Ndipo ndikudziwa kuti muno muli ena amene m'mawa uno manja anakana kugwira kapu ya tiyi mpaka mutayamba mwalawako mowa. Ndikulankhula ndi inuyo makamaka.

Ndisanafike pa chigayo paja ndinali mphunzitsi pa sukulu ina ku Sinda. Amuna anga, a Phiri, ankagwira ntchito yoyeza thonje pa sikelo. Mulungu anatipatsa mwana mmodzi yekha, Takondwa. Katundu m'nyumba sanali wambiri, koma tinali ndi bokosi lachitsulo lodzaza mabuku. Ndinkawagula limodzilimodzi ndikapita ku Chipata, kwa anthu aja amayala mabuku akale pansi m'mbali mwa msewu. Munali nkhani za achinyamata, zonena za atsikana ndi anyamata a msinkhu wa kusekondale. Munali mabuku a zithunzi, aja nkhani yonse imakhala yojambulidwa, mawu a anthu ali m'timatumba totuluka pakamwa pawo. Munalinso a zinthu zenizeni: la nyenyezi, la njuchi, lina la mitsinje ikuluikulu.

Loweruka masana tikatha kuchapa, tinkayala mphasa kuseri kwa nyumba, zovala zikuuma pachingwe. Tinkawerenga mosinthana ndi mwana wanga, ine tsamba limodzi, iye tsamba limodzi. Takondwa ankawerenga akupotokola khutu lake ndi zala, ndipo ankakangana ndi anthu a m'buku ngati ali nawo pamphasa pomwepo.

"Amama, mtsikana uyu ndi wopusa. Bwanji osangowauza zoona amayi ake?"

"Tembenuza tsamba, mwina awauza."

Titawerenga la njuchi, anakakhala masana onse m'munda wa mpendadzuwa wa aneba athu, kudikira kuti aone ngati njuchi zimavinadi pouza zinzake kumene kuli maluwa. Anabwera tsaya litatupa, koma akuseka. Masiku amenewo ndimawalakalaka mpaka lero, ndipo palibe anandilanda. Ndinawataya ndekha.

A Phiri anamwalira pa ngozi. Lole ya thonje imene anakwera inagubuduzika pa msewu waukulu wopita ku Lusaka. Maliro atatha, abale atabalalika, m'nyumba munangoti zii. Mnzanga wina wa kuntchito anandipatsa kabotolo ka mowa kakang'ono kaja kokwana m'chikwama, nati, "Lawaniko pang'ono, madamu, mtima ukhale pansi." Mtima unakhaladi pansi. Mawa lake ndinakagula ndekha. Miyezi itatu isanathe ndinali nditasamukira ku kachasu, chifukwa ndi wotsika mtengo ndipo sachedwa kugwira. Ndinkalowa m'kalasi ndikutafuna masamba a gwafa kuti fungo lisamveke. Choko chinkathyoka m'manja mwanga. Ahedi anandichenjeza kawiri mwaulemu. Kachitatu anandipeza nditagona pa tebulo pamene ndinayenera kuyang'anira ana olemba mayeso, ana onse ali chete, ena mwa iwo anzake a mwana wanga. Ntchito inathera pomwepo. Nyumba inali ya sukulu, choncho tinasamukira m'kachipinda kamodzi ku komboni. Wailesi inapita. Mipando inapita. Njinga ya a Phiri inapita. Linatsala bokosi lija.

Tsiku lina Takondwa ali kusukulu, ndinalisenza pamutu mpaka kumsika. Amayi ogulitsa zitumbuwa ndi nsomba zouma anagawana mabukuwo kuti azikulungira malonda. Ngakhale bokosilo ndinalisiya komweko. Zonsezo zinandikwanira mowa wa masiku anayi.

Takondwa anali ndi zaka khumi ndi zitatu. Atabwera masana anaima pakona pamene pankakhala bokosi, akuyang'ana chidindo chake pansi.

"Amama, mabuku ali kuti?"

"Ndabwereketsa."

"Mwabwereka ndani? Lija lachikuto chobiriwira ndinali ndisanamalize. Ndinatsala pang'ono."

Mverani zimene ndinamuyankha, chifukwa ndinalonjeza kuti sindibisa kanthu. Ndinakuwa kuti, "Mabuku, mabuku! Adzutsa atate ako mabukuwo?"

Sanalire. Patapita masiku awiri anabwera ndi pepala lonyowa mafuta, limene mnzake anakulungiridwamo chitumbuwa. Linali tsamba la buku la njuchi. Analiyala bwinobwino pamphasa pamene ndinagona, natuluka.

Mwezi womwewo alongo anga aakulu, a Yohane, anabwera kuchokera ku Vubwi. Mbiri yanga inali itawapeza. Anakhala pa chidebe chovundikira, poti mpando munalibe, nayang'ana m'chipindamo nthawi yaitali.

"Mlongo, mwanayu ndi wathu tonse. Ndamutenga. Mukadzafuna kumuona, njira ya kwanu muidziwa."

"Achimwene, mutengeni. Andisowetsa mtendere."

Ndi mawu amene mwana wanga anachoka nawo m'makutu. Zovala zake zinakwana m'pepala limodzi la pulasitiki.

Zaka zisanu zotsatira ndizinena mwachidule, chifukwa ambiri mumazidziwa kale. Ndinabwera kuno ku Katete. Ndinkatsuka mbale m'malo odyera a mumsika mpaka atandithamangitsa. Ndinkatungira madzi amayi otcheza kachasu, malipiro ake kachasu yemweyo. Ana amene ndinawaphunzitsa ankandipeza pa chigayo atakula, ena kundipatsa moni wa "madamu" maso ali kumbali. Ku Vubwi sindinapiteko ngakhale kamodzi. Ndinkadziuza kuti mwana ali bwino popanda ine, ndipo ndikamukumbukira kwambiri ndinkangowonjeza botolo.

M'mawa wina ndili pamzere wa pamjigo ndinasanza magazi n'kugwa. Anthu amene sindiwadziwa mpaka lero anandinyamula kupita nane kuchipatala. Masiku oyamba ndinkanjenjemera mpaka bedi kulira, ndikuona tizilombo tikuyenda pakhoma pamene ena sankaona kanthu. Anesi ndinawauza kuti ndi malungo. Anangondiyang'ana.

Apa ndiyende pang'onopang'ono.

Pa bedi loyandikana ndi langa panali mayi wina wa zaka ngati makumi asanu, Anambewe, mlimi wa thonje wochokera kumidzi ya kupitirira Sinda. Ngolo inawagwera n'kuwathyola mwendo, ndipo mwendowo unali utamangidwa ku chitsulo, osatha kutembenuka. Anali mayi wa mawu okweza, wokonda kukalipira aliyense wosiya chitseko chosatseka. Pansi pa pilo ankasungapo buku la zithunzi, lakutha m'makona, lokulungidwa m'kansalu. Masana aliwonse ankalitulutsa, kutsegula tsamba limodzi lomwelomwelo, n'kuliyang'ana nthawi yaitali.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi, chakudya chamasana chitatha, anandiitana.

"Anzathu, akuti inu munali aphunzitsi?"

"Kale."

"Chizungu muchidziwabe, kapena chinapita ndi mowa?"

Anthu m'wodi anaseka. Ine ndinatembenukira kukhoma. Koma Anambewe sanali munthu wosiya nkhani panjira. Anatambasula mkono mpaka buku linandigunda paphewa.

"Tandiuzani chimene akunena anthu awa m'timatumba umu. Ine sukulu sindinapiteko. Anesi ali ndi ntchito, sindingawavutitse."

Ndinalilandira kuti angondisiya. Manja ankagwedezeka moti ndinachita kulitsamiritsa pamawondo. Zaka zisanu ndinali ndisanagwire buku. Fungo la mapepala akale linandifika m'mphuno. Zilembo zinkasambira. Ndinaika chala pansi pa mawu oyamba monga ndinkaphunzitsira ana a giredi yoyamba, n'kuyamba kumasulira m'Chichewa, kathumba kamodzikamodzi.

Inali nkhani ya atsikana awiri apachibale. Kwawo kunagwa chilala, wamkulu anapita kutauni kukagwira ntchito ya m'nyumba, wamng'ono anatsala kumudzi akuweta mbuzi, ndipo ankalemberana makalata. Nditangofotokoza zimenezo, Anambewe anaomba m'manja.

"Aa! Ndi pachibale? Zaka zitatu zonsezi ine ndimayesa ndi akazi a mwamuna mmodzi, wina wathamangitsa mnzake!"

Wodi yonse inafa nacho chiseko. Mayi wina wa bedi lakutali anapempha kuti ndikweze mawu. Odikira odwala anasendeza mphasa zawo pafupi. Ndinkawerenga, kenako kutembenuza buku kuti onse aone chithunzi, monga ndinkachitira m'kalasi. Mawu anga aja akale, amene ndinkayesa kuti anafa, anayamba kubwerera okha.

Titafika pa tsamba lija ankaliyang'ana masiku onse, Anambewe anandigwira dzanja.

"Apa muwerenge bwino. Musafulumire."

Pa chithunzipo panali mtsikana wamng'ono uja atakhala pamwala akulemba, mbuzi ili pambali pake kapepala kakulendewera kukamwa. Ndinamasulira zimene ankalembazo: akuti, achemwali, kalata yanu yafika bwino, koma amene waiwerenga ndi mbuzi, ndipo mmene yaitafunira zikuoneka kuti munalemba nkhani zokoma, choncho lembaninso.

Anambewe anaseka mpaka chitsulo cha mwendo chinagwedezeka. Anaseka, naseka, kenako ndinaona kuti kusekako kwasanduka kulira. Anaphimba nkhope ndi kansalu kaja. Atapukuta maso anati:

"Bukuli linali la mwana wanga, Grace. Anabwera nalo kuchokera kusekondale. Tsiku lina ndikusankha thonje pakhonde ndinamumva akuseka yekha m'nyumba, kuseka kogwa nako pansi. Ndinasuzumira, ndinaona ali pa tsamba ili. Ndinati ndimufunsa madzulo, ndiye ndinaiwala ndi ntchito. Chaka chomwecho anadwala mutu masiku atatu, basi, anatisiya. Kuyambira pamenepo ndakhala ndikuyang'ana mbuzi iyi kuti kodi mwana wanga ankaseka chiyani."

Ndinangoti, "Pepani, amayi."

"Musapepese. Lero ndaseka naye." Kenako anandiyang'anitsitsa. "Nanga inu, mmene muwerengera bwino chonchi, muli ndi mwana?"

"Alipo mmodzi. Mtsikana."

"Ali moyo?"

"Ali moyo. Ali ku Vubwi kwa amalume ake."

"Munamuona liti?"

"Papita zaka zisanu."

Ndinkayembekeza kuti andilalatira monga ankachitira ndi osiya chitseko. Koma analankhula motsitsa, mawu amene sindinawamvepo kwa iwo.

"Kumene kuli wanga sikupita galimoto, aphunzitsi. Ku Vubwi zipita tsiku lililonse."

Anatenga buku lawo, nalikulunga, nalibwezera pansi pa pilo. Ine ndinayang'ana pawindo n'kuona kuti dzuwa lapendeka. Maola atatu anali atadutsa, ndipo kwa nthawi yoyamba pa zaka zonsezo, maola atatu athunthu ndinali ndisanaganizeko za botolo. Ndinkaganiza za Takondwa: kuti tsopano ndi wamtali bwanji, tsitsi amaluka kapena amameta, mawu ake asintha motani. Ndinazindikira kuti atadutsa pakhomo la wodi ija, mwina sindikanamudziwa. Abale, chilakolako cha mowa mumachidziwa mmene chimakokera m'mimba. Tsiku limenelo ndinamva china chokoka kuposa pamenepo. Ndinkafuna mwana wanga.

Anambewe anatuluka sabata yotsatira, abale awo atabwera ndi galimoto. Tinali titamaliza buku lonse kawiri. Sindinawaonenso, ndipo dzina la mudzi wawo sindinafunse. Ngati wina muno amawadziwa, mukawauze kuti aphunzitsi aja akadali moyo.

Tsopano ndikuuzeni zimene ndinachita, chifukwa kulira kokha sikuchiritsa munthu.

Ndinayamba ndi kuwauza anesi zoona, kuti si malungo, ndi kachasu wa zaka zisanu ndi ziwiri. Anati ankadziwa kale, ankangodikira kuti ndinene ndekha. Anandipatsa mankhwala, nandilembera masiku obwera kudzaonana ndi mlangizi. Sindinaphonyeko, ngakhale tsiku la mvula.

Nditatuluka sindinabwerere ku chigayo, ngakhale kukatenga bulangeti langa. Ndinapita kwa amayi abusa a mpingo umene ndinakuliramo, n'kuwauza kuti ndikagona kumsika sabata imodzi yokha mudzandiika m'manda. Iwo anandipezera malo kwa mayi wina wamasiye kumudzi wa kufupi ndi Mkaika. Ndinkamuthandiza kupalira, kukumba mtedza ndi kuswa, iye n'kumandipatsa pogona ndi chakudya. Ngati mungathe kuchoka pamalo pamene mumamwera, chokanipo. Miyendo imadziwa njira yokha, simungakangane nayo tsiku lililonse.

Aliyense wa ife ali ndi ola lake loipa. Langa linali dzuwa likapendeka, ntchito itatha, manja alibe chogwira. Mlangizi anandiuza kuti ola limenelo ndisalisiye lopanda kanthu. Ndinapita kwa aphunzitsi a pa sukulu ya pamudzipo kukabwereka mabuku a m'kabati mwawo, amene ambiri anali asanatsegulidwepo. Ndikuuzeni mosabisa, mutu wa munthu wosiya mowa sugwira zinthu. Ndinkafika pansi pa tsamba nditaiwala za pamwamba. Choncho ndinayamba ndi a zithunzi, chifukwa maganizo akathawa, chithunzi chimakubweza pamene unalekera. Musachite nawo manyazi kuti ndi a ana. Lina limene ndinawerenga linali la banja lothawa nkhondo, ndipo silinali la ana ayi. Patapita miyezi iwiri ndinayamba nkhani za achinyamata. Ziganizo zake ndi zazifupi, nkhani imathamanga, ndipo zinandiphunzitsa chinthu chimene sindinkafuna kudziwa. Zambiri zimakambidwa ndi mwana amene akuona makolo ake akulakwitsa. Lina linali la mtsikana amene atate ake ankamwa, iye n'kumabisa nsapato zawo kuti asatuluke. Ndinaliwerenga ndikuima n'kumayendayenda pabwalo, koma ndinalimaliza. Pambuyo pake ndinafika pa a zinthu zenizeni. La thupi la munthu linandionetsa chithunzi cha chiwindi cha munthu wakumwa, n'kunenanso kuti ukasiya msanga chimayesetsa kudzikonza. Linanso linali mbiri ya mayi wina amene anaduka mwendo n'kuphunziranso kuyenda ali wamkulu. Sanadzikometse m'bukumo, analemba ndi masiku amene ankatukwana omuthandiza. Ndinamukhulupirira chifukwa cha zimenezo.

Ndinkawerenga mokweza, poti mawu akamatuluka pakamwa maganizo sapita kwina. Poyamba ankamvetsera ndi mayi wamasiye uja yekha, akuswa mtedza. Kenako aneba anayamba kubwera ndi malichero awo. Lero ndimaphunzitsa amayi asanu ndi anayi kuwerenga, katatu pa sabata, m'tchalitchi cha pamudzipo.

Ndisakunamizeni kuti njira inali yosalala. Mwezi wachinayi ndinagwa. Kunali ukwati, wina anandipatsa kapu, ndinati kamodzi kokha. Ndinadzuka patapita masiku awiri m'munda wa chimanga wa eni ake. Chimene ndinachita mosiyana ndi kale n'chakuti ndinapita ndekha kwa amayi abusa ndi kwa mlangizi, fungo likadali m'thupi, n'kunena kuti ndamwa. Mukagwa, kaneneni tsiku lomwelo kwa munthu amene amakudziwani. Mukabisa, mawa mumwanso kuti muiwale kuti munabisa.

Ku Vubwi ndinkafuna kupita tsiku lomwe ndinatuluka m'chipatala. Mlangizi anandiletsa. Anati mwanayo ndinamulonjeza zambiri kale, ndisapite ndi lonjezo lina, ndipite ndi miyezi yooneka. Ndinadikira chaka ndi miyezi iwiri chigwereni pa ukwati paja. Kudikira kumeneko kunali kowawa kuposa kunjenjemera kwa m'chipatala.

Ndinakwera minibasi mpaka ku Chipata. Kumeneko ndinagula buku limodzi la nkhani za achinyamata kwa oyala pansi aja, n'kukwera galimoto ya ku Vubwi. Fumbi la msewu umenewo linandifikitsa ndili wofiira ngati njerwa. A Yohane ndinawapeza pa kagolosale kawo. Anandiyang'ana nkhope, nayang'ana manja anga, kenako anati, "Mwafika, mlongo. Tiyeni kunyumba."

Ndinakhala pamphasa pakhonde. M'nyumba munatuluka mtsikana wamtali kundiposa, mapewa a atate ake enieni, atavala chitenje chabuluu. Anagwada patali pang'ono monga amachitira kwa mlendo.

"Mwayenda bwanji?"

"Ndayenda bwino, mwanawe. Kaya iwe?"

"Tili bwino."

Basi. Ndinali nditakonza mawu ambiri m'galimoto, onse anathawa. Ndinangoti, "Takondwa, ndinagulitsa mabuku ako kuti ndimwe mowa. Ndinakunamiza kuti ndabwereketsa. Ndinauza amalume ako pamaso pako kuti umandisowetsa mtendere. Zonsezo ndinachita ndine, iwe sunalakwe kanthu. Ndasiya kumwa. Sindinabwere kudzakutenga, ndabwera kudzapepesa."

Takondwa anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anati, "Ndamva."

"Umawerengabe?"

"Ndinasiya. Za kusukulu zokha, ndipo nazo ndinamaliza."

Ndinatulutsa buku lija n'kuliika pamphasa pakati pathu. Sanalikhudze. Anadzuka, nati akukaika madzi osamba a alendo. Masiku awiri amene ndinakhalako anandiphikira, ananditungira madzi, anandipatsa ulemu wonse. Koma mawu akuti amama sanatuluke pakamwa pake ngakhale kamodzi.

Pondiperekeza kokwerera galimoto, a Yohane anati, "Musamukakamize, mlongo. Chaka choyamba ankapita kumsewu Loweruka lililonse, kuyang'ana amene akutsika m'galimoto zochokera ku Chipata. Ife tinkamuletsa, osamva. Chaka chachiwiri anasiya yekha."

Ndinalira njira yonse mpaka ku Chipata. Pa siteshoni pali malo ambiri ogulitsa timabotolo tija, ndipo ndinawaona onse. Ndinagula nthochi, n'kukwera minibasi ya ku Katete.

Patatha masabata atatu, Mai Tembo, a mumpingo mwathu amene amakagula nyemba ku Vubwi kudzagulitsa kuno, anandipeza pabwalo n'kundipatsa kaphukusi. Munali buku lija. Mtima unagwa, ndinati walibweza osawerenga. Nditatsegula, munagwa kapepala ka Takondwa kong'ambidwa m'kope. Analemba kuti: "Ndamaliza. Mathero ake sanandikomere, wolembayo anafulumira. Ngati lilipo la zinthu zenizeni, tumizani limenelo."

Ndinakhala pansi pomwepo, pafumbi. Mai Tembo anayesa kuti ndadwala.

Kuyambira pamenepo, Mai Tembo akamapita ku Vubwi amanyamula buku, pobwera amabwera nalo ndi kapepala. Mabuku apita asanu ndi awiri tsopano. Ndimayamba ndaliwerenga ine, kenako Takondwa. Timapepala take tayamba kutalika. Pa la mbalame zosamukasamuka analemba tsamba lonse, akutsutsa kuti kambalame kakang'ono sikangawoloke nyanja osatera. Pa lina la zithunzi anandiuza kuti ndiyang'anenso tsamba lakumapeto, pali munthu waima pawindo amene ine sindinamuone, ndipo analipodi. Akuti akufuna kukaphunzira za unamwino, ndipo amafunsa ngati ndingapeze buku lija la thupi la munthu.

Kapepala ka sabata yatha kanali kakafupi. Buku lake linali la mtsikana amene amayi ake anachoka iye ali wamng'ono. Analemba kuti: "Pa mutu wachisanu ndi chinayi mapepala ndi okwinyika ngati ananyowapo. Munali inu?"

Pamwamba pa timapepala tonseti salembapo kanthu. Amangoyamba nkhani. Mawu aja akuti amama sanabwerebe, ndipo sindikudziwa ngati adzabwera chaka chino kapena chamawa. Ndimawafuna, abale. Ndikalandira kapepala, maso anga amathamangira pamwamba kaye, ndikapeza palibe ndimapuma, n'kuwerenga zotsalazo. Sindimuumiriza. Iye anandidikira pamsewu chaka chathunthu, ine ndilibe chifukwa chodandaulira.

Inu amene manja akunjenjemera m'mawa uno, pali munthu kwinakwake amene anasiya kukuyembekezani, koma sanafe. Yambani lero ndi kunena zoona kwa munthu mmodzi musanatuluke pakhomo ili.

Ine buku lachisanu ndi chitatu lili m'chikwama umu, ndipo yankho langa ndaika m'kati. Ndalemba kuti inde, ndinali ine, ndinalirirapo. Mai Tembo anyamuka mawa m'mawa.

Mundikumbukire m'mapemphero anu, ine ndi Takondwa. Zikomo pondimvetsera.